Kudwalira Amayi

"Ayi, ayi, usatsokomole ngati wameza fupa," anatero a Alufeyo. "Mphumu sitsokomola. Mphumu imaimba. Tamvera."

Anatsamira khoma la kuseri kwa fakitale, nakweza mapewa mpaka m'makutu, nayamba kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, ukulira ngati kamwana ka mphaka kotsekeredwa m'chitini. Maso anatong'oka. Dzanja lina linagwira pachifuwa, lina likupapasa khoma. Munthu wosawadziwa akanathamangira madzi. Kenaka anaongoka, natola buledi wawo pamwala, naluma.

"Waona? Ndipo ine si katswiri. Katswiri anali bambo ako. Saulosi akayamba, ngakhale ife odziwa tinkachita mantha. Tayesa."

Ndinayesa. Anaseka mpaka nyenyeswa zinawatuluka m'kamwa.

"Eish! Kukoleji konse kuja ankakuphunzitsani chiyani? Uku ndi kulira kwa bulu, mphwanga. Dokotala akakupatsa mankhwala a njoka za m'mimba."

Inali nthawi ya nkhomaliro pa fakitale ya zitini ku Waltloo, ku Joni, m'chaka cha 1984. A Alufeyo anali mnzawo wa Abambo kuyambira ali anyamata ku Ntcheu, ndipo ndinkawatchula kuti Malume ngakhale panalibe ubale wa magazi. Ndi iwo anakandipemphera kwa foromani kuti ndilowe pamakina a Abambo maliro atatha.

Zimene ankandiphunzitsazi tinkazitcha kudwalira. Fakitale inali ndi kiliniki yake, kachipinda koyera pafupi ndi geti, ndipo dokotala wachizungu ankabwera Lachitatu m'mawa. Wantchito ankapimidwa n'kulandira mankhwala osalipira kanthu. Wantchito yekha. Mkazi wake, ana ake, mayi ake, amenewo fakitale sinkawadziwa. Tsono amuna ankadwalira a kunyumba. Mkazi akamva mutu, mwamuna ankakagwira mutu pamaso pa dokotala. Mwana akatsegula m'mimba, bambo wandevu ankakhala pabenchi atapinda msana, akubuula. A Alufeyo ankadwalira BP ya akazi awo, a Malita: ankamwa khofi wowawa wothira mchere, n'kuthamanga kuzungulira nyumba yosungira katundu, kenaka n'kukapereka mkono kuti aupime.

Azulu ndi Apedi ankachitanso zimenezi, koma ife Manyasa ndi amene tinazisandutsa luso, chifukwa akazi athu ambiri analibe mapepala. Chipatala cha boma chinalipo, inde. Koma pawindo pake ankayamba n'kufunsa pasi, chiphaso cha anthu akuda, asanafunse chimene chikukupweteka, ndipo pakhomo pankaima wapolisi. Amayi anabwera ku Joni kutsatira Abambo ine ndisanabadwe, kudzera njira za kutchire, ndipo pasi sanaigwirepo m'manja. Ankakhala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa komweko, Anti Edna, ku Eersterust, akuchapa ndi kusita zovala za anthu a mumsewu womwewo, osafika patali.

Pampu iliyonse ya mphumu imene Amayi anapumirapo inachokera m'thumba la ovololo ya Abambo. Anawadwalira kwa zaka zambiri, mpaka fakitale yonse inkadziwa kuti Saulosi Mbewe ndi munthu wa chifuwa. Kenaka m'mimba mwa Abambo munayamba kuotcha. Kwa dokotala sananene. Munthu wa mphumu akawonjezera matenda ena, fakitale imamupumitsa ntchito, ndipo pampu ya Amayi ikanathera pomwepo. Ankangogula mankhwala a ufa oletsa mutu pashopu ya pakona, n'kumathira palilime m'mawa, masana ndi madzulo. Tsiku lina anasanza magazi pamakina. Kuchipatala anafika atazizira.

Ine ndinabadwira kuno, koma ananditumiza kumudzi ndili wamng'ono kuti ndikaphunzire. Telegalamu inandipeza ku Lilongwe, ndili m'chaka chachiwiri pa koleji ya aphunzitsi. Ndinasiya mabuku pabedi n'kunyamuka, ndipo ndinafika atawaika kale ku Mamelodi. Tsiku loyamba kuntchito foromani anandigwira paphewa.

"Sori, boyi. Chifuwa chija chinamutha bambo ako."

Abambo ankapalasa njinga Loweruka lililonse kuchoka ku Eersterust mpaka ku Capital Park kukasamalira maluwa a azungu, akuimba nyimbo za kutchalitchi pachitunda osapumira. Munthu ameneyo fakitale inkamukumbukira ngati wosowa mpweya. Ndinangoyankha kuti "Ja, bwana."

Sabata yomwe a Alufeyo anayamba kundiphunzitsa, mabwana anatiitana tonse ku kantini. M'mafakitale ena a yuniyoni anali atayamba phokoso, ndiye mabwana anaganiza zotipatsa kanthu tisanapemphe. Kutsogolo kunaima mzungu wa ku ofesi yolemba antchito, wa taye yobiriwira, ndi womasulira pambali pake. Anati tsopano pali njira ziwiri, munthu asankhe yekha. Ofuna kukhalabe ndi kiliniki yaulere, akhale. Ofuna kulowa siki fandi, adziwadula pang'ono pamalipiro sabata iliyonse, koma adzitha kupita kwa dokotala wa kulokishi, kumene tinkakhala, tsiku lililonse, kutenga mapiritsi ku kemisi, kuzulitsa dzino, ngakhale kugula magalasi a maso. Ndipo si wantchito yekha: mkazi ndi ana omwe. Azungu a m'maofesi anali kale ndi medikolo edi yawo, imeneyo sanaitchule.

Anthu anayamba kung'ung'udza mokondwa. Ine ndinakweza dzanja.

"Nanga mayi?"

"Mkazi ndi ana," anayankha wa taye uja.

"Ndilibe mkazi. Ndili ndi mayi. Ndi mkazi wa munthu amene anafera pamakina anu."

Anayang'ana womasulira ngati kuti ndalankhula Chichewa, chikhalirecho ndinalankhula Chingerezi chomveka kuposa chake.

"Mkazi wa wantchito amene ali moyo. Ndipo tifuna setifiketi ya ukwati ndi nambala ya pasi ya mkaziyo."

Apa Manyasa onse anaweramitsa mitu. Mzulu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Kwatira, mfana, usiye kuyamwa!" ndipo kantini yonse inaphulika ndi kuseka. A Alufeyo anandikoka ovololo.

"Khala pansi, iwe. Ukufuna ayambe kufunsa kuti amako amakhala kuti?"

Potuluka anandigwira mkono. "Wamva wekha. Njira zawo ziwirizo, kwa ife ndi imodzi. Lachitatu ukaimbe, mphwanga. Pampu imene anasiya Saulosi yatsala mpweya wokhawokha, amako anauza Malita."

Madzulo amenewo ndinapeza Amayi akusita malaya a mwamuna wa Anti Edna. Ankasita atakhala pampando, chifukwa kuima kunali kutayamba kuwavuta. Mapazi anali atatupa mpaka nsapato zawo zinakana, ndiye ankavala za Abambo, zosamanga zingwe. Anatenga pampu pawindo, naigwedeza pafupi ndi khutu, naibwezera osapumirapo.

"A Alufeyo akuti sukulu ikuyenda," anatero. "Akuti ukulira ngati bulu, koma ufika."

"Sindikaimba, Amayi."

Simbi inaima pakolala.

"Ndiye ndizipuma chiyani? Setifiketi yako ya kukoleji? Iyonso ulibe."

"Ndikufuna mupite nokha. Dokotala akamve chifuwa chanu, osati changa."

"Gilbert, bambo ako sanachite nazo manyazi."

"Abambo ali ku Mamelodi, pansi pa dothi, ndipo azungu akuti anafa ndi matenda anu."

Ndinayembekezera khofi. Amayi anali ndi dzanja lofulumira ngakhale akudwala. Koma anangoimika simbi, napinda malaya aja, kusalaza manja ake mosamala ngati pali munthu m'katimo. Kunja ana a Anti Edna ankakangana m'Chibunu za mpira.

"Ukaonekera pageti paja, ukuganiza kuti mathero ake n'chiyani?" anafunsa. "Iwe ntchito yatha. Ine andikweza lole mpaka kumalire ku Beitbridge. Manda a mwamuna wanga adzalambula ndani?"

Ndinakhala pabedi n'kumawayang'ana akupuma, mapewa akukwera ndi kutsika. Anandiona ndikuwayang'ana, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Usandiyang'ane choncho."

"Bwanji?"

"Bambo ako ankakhala pomwepo. Pomwe wakhalapo. Ine chikandigwira, ndikubanika, iye ali duu, maso ali pa ine, akuphunzira. Ndikatsitsimuka, m'malo mondipatsa madzi, akuti, 'Falesi, kodi kumayambira kumsana kapena kutsogolo? Tabwereza paja unagwira khosi.'" Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, ndipo ndinawagwira mpaka chinadutsa. "Tsiku lina ndinamugenda ndi chipande. Anachizinda, n'kunena kuti, 'Ukali umenewu ndiye sindingautsanzire.'"

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Anali wabwino, bambo ako. Koma zaka zonsezi ine ndakhala ndikudwala m'nyumba, iye n'kumakachira kwa dokotala. Mzunguyo amamufunsa iye kuti wagona bwanji. Ine palibe anandifunsapo." Anatenganso simbi, nailavulira pang'ono kuti amve ngati ikadali yotentha. "Ndipo iwe sungathe n'komwe. Uli ndi nkhope ya anthu a kwathu, siidziwa kunama. Unditsitsire bulauzi ya Mvano m'sutikesimo, ndiisite simbi isanazizire."

Lachitatu m'mawa anavala ngati akupita kukalalikira: bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda, ndi nsapato za Abambo. M'kombi, minibasi ya kuno, anthu anawapatsa malo a kutsogolo. Titatsika, kamtunda ka pakati pa msewu ndi geti tinakayenda mopumira, iwo atandikolowekera dzanja paphewa.

Mlonda wa pageti anali mdala wa Chishangani, wa chikoti chachitali ndi chibonga.

"Akazi salowa, mfana. Ukudziwa."

"Awa ndi akazi a Saulosi."

Anawayang'ana kuyambira duku mpaka nsapato, ndipo ndikhulupirira kuti nsapatozo anazizindikira. Anavula chipewa natsegula kageti kakang'ono. Mwina ankaganiza kuti abwera kudzapemphera pamalo pamene mwamuna wawo anagwera. Sindinamuwongole.

Pabenchi ya kiliniki panali podzaza. Wina anagwira tsaya, wina m'mimba, wina anamanga mpango kumutu. Kumapeto kunali a Alufeyo, thukuta lili kamukamu, akununkha khofi. Atationa anaiwala kuti ndi wodwala, anadzuka ngati mnyamata.

"Alamu! Mwadzatani kuno?"

"Ndadzadwala, alamu," anatero Amayi. "Tasunthani ndikhale."

Amuna anasuntha okha. A Alufeyo anandikokera pambali, mawu akutulukira m'mano.

"Wapenga? Ukudziwa chimene ukuphwanya? Anthu onsewa ali ndi ana kunyumba. Mzunguyu akatsegula maso lero, satsekanso."

"Sinditchula munthu, Malume."

"Sutchula munthu! Ukuganiza kuti ndi chitsiru? Ine ndinakupempherera ntchito, ine! Ndinagwada pamaso pa Bunu chifukwa cha iwe. Tenga amako mubwerere, ndikalowa ine, ndikaimba mphumu ndi BP pamodzi."

"N'zimene anachita Abambo."

"Usanditchulire Saulosi. Ndinamusambitsa ine, iwe uli pa sitima ndi mabuku ako."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo iwo anadziwa. Koma chitseko chinatseguka, natuluka Sista Theresa, nesi wa kiliniki, mayi wa ku Mamelodi wonenepa bwino, atanyamula makadi. Anayang'ana Amayi, nayang'ana ine.

"Dumela, Mma," anawalonjera m'chilankhulo cha kwawo. Amayi anagwedeza mutu, mpweya wolankhulira analibe. Sista anatembenukira kwa ine. "Ine ntchito yanga ndi kuitana dzina lili pakhadi. Amene walowa nawe sindimamuona, maso anga ndi okalamba." Anasanthula makadi aja, natulutsa langa pansi n'kuliika pamwamba. "Gilbert Mbewe!"

Dokotala anali mzungu wachikulire, wa nsidze zoyera, wolemba ndi dzanja lamanzere. Sanadzutse mutu.

"Ja, vuto n'chiyani?"

Kenaka anamva kaphokoso kaja, nadzutsa mutu.

"Uyu ndani?"

"Ndi mphumu ya Saulosi Mbewe, Dokotala. Mwakhala mukuichiza zaka zambiri. Ndabwera nayo kuti muione."

Khosi lake linafiira mpaka m'makutu. Anayang'ana Sista, koma Sista anali otanganidwa kwambiri ndi kutsuka lumo limene linali loyera kale.

"Ine ndimapima antchito a fakitale ino. Anthu akunja sindipima. Mtulutse."

Amayi Chingerezi sankachimva, koma mawu othamangitsa munthu amamveka m'chilankhulo chilichonse. Anayenda mpaka pakabedi kopimira, nakwera movutikira, nakhala, namasula batani la pakhosi. Kenaka anangomuyang'ana. M'chipindamo munali kulira kwa chifuwa chawo kokha, kopanda luso lililonse, konyowa, kosakoma kumva.

Sindidziwa chimene chinamudzutsa mzunguyo. Chifundo sindinachione pankhope pake. Mwina khutu la dokotala silitha kumva phokoso lotero n'kukhala chete, monga makanika satha kupirira injini yogogoda. Anatenga chomvetsera chake nachiika kumsana kwa Amayi, kumanja, kumanzere, m'munsi. Anamvetsera nthawi yaitali. Anawerama nadina chala pamwendo wawo, ndipo chalacho chitachoka panatsala dzenje losabwerera.

"Mufunse amagona bwanji."

Ndinamasulira. Amayi anawongola msana.

"Umuuze kuti ndimagona chokhala, nditatsamira sutikesi. Ndikagona chagada ndimamira. Umuuzenso kuti zikomo pofunsa, ngakhale wachedwa."

Ndinamasulira zonse, ndi za kuchedwazo.

"Mphumu mwina inalipo kale," anatero dokotala, akuchotsa chomvetsera m'makutu. "Koma ichi ndi mtima. Watopa, ndipo madzi akudzaza m'mapapo. Pampu ija imaukwapula mtima wotopa kale kuti uthamange. Asiye lero." Anakhala pampando wake mwamphamvu. "Bambo ako ndinamupima kambirimbiri. Chifuwa chinali choyera nthawi zonse. Ndinkati ndi mphumu yobwera nthawi yogona."

"M'mimba munawagwirapo?"

"Sanandiuze za m'mimba."

"Akanakuuzani, akanakhalabe pantchito?"

Anatsegula kabati, natulutsa kabotolo ka mapiritsi ang'onoang'ono oyera, nakaika patebulo.

"Awa ndi ochotsa madzi. Amuthandiza masiku ochepa, koma si mankhwala a mtima. Afunika chipatala chachikulu, akamujambule, akamupime magazi, azimuona mwezi ndi mwezi. Kalata sindilemba, chifukwa mayiyu sindinamuone. Wamva?"

"Ndamva."

"Tsopano undiuze. Ndani winanso pabenchi paja?"

"Onse akudwala, Dokotala."

"Ndikufunsa mayina."

"Langa muli nalo."

"Ukudziwa kuti ndiyenera kukanena ku ofesi? Uku ndi kuba mankhwala a kampani."

"Kaneneni. Mukanenenso kuti Saulosi Mbewe sanafe ndi mphumu. Foromani akadziwe."

Amayi anatsika pakabedi, namanga batani lawo, natola kabotolo kaja n'kukaponya m'thumba la siketi. Pakhomo anatembenuka nawerama pang'ono, monga amachitira kwa abusa, ndipo tinatuluka. Pabenchi palibe anatiyang'ana.

Lachisanu anandiitana ku ofesi. Wa taye yobiriwira uja anandiuza kuti ntchito yatha, ndipo ndithokoze kuti sakuitana apolisi. Ndinamufunsa ngati siki fandi ili ndi njira yachitatu ya anthu ochotsedwa. Sanaseke. Ovololo ya Abambo anandilanda pageti, ati ndi katundu wa kampani.

Mapiritsi aja anagwira ntchito. Amayi ankapita kuchimbudzi ngati mwana, akudandaula kuti mzunguyo wawaboola, koma mapazi anaphwa ndipo Loweruka anagona chammbali, koyamba chifikireni ine. Koma kabotolo kankapepuka tsiku ndi tsiku.

Kufakitale zinthu zinasintha monga ananenera a Alufeyo. Dokotala anayamba kugoneka anthu pakabedi kaye kuti mtima ukhazikike asanapime BP. Wonena kuti watsegula m'mimba ankamupatsa kabotolo kuti akabweretse umboni. A Alufeyo anapezeka kuti magazi awo ndi abwino ngati a mwana wasukulu, ndipo mapiritsi a a Malita anathera pomwepo.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, anabwera kunyumba ndi akuluakulu awiri a mpingo. Tinakhala panja, pansi pa chingwe choyanikira zovala. Tiyi amene Amayi anawathirira sanamukhudze.

"Sitinabwere kudzakangana," anatero a Alufeyo. "Mwana walakwira gulu. Kwathu mwana akalakwa amagwada, nkhani imatha. Apepese pamaso pa akuluwa, ifenso tione pomufunira ntchito ina."

"Ndipepese chiyani, Malume?"

"Malita mutu ukumuwaza ngati nkhwangwa. Mwana wa mnzathu Grain akutsokomola, mankhwala palibe. Ukufunsa chiyani?"

Za a Malita zinandipweteka. Ndi iwo ankanditumizira masokosi kusukulu, atawakulunga m'nyuzipepala ya Chibunu. Ndinayang'ana pansi, ndipo mmodzi wa akuluwo anaganiza kuti ndayamba kugwada, nati, "Eya, ndi mwana womva."

"A Malita ndikawaona ndekha," ndinatero. "Koma kupepesa ayi. Amayi akhala akupumira mankhwala owapha, inu mukuombera m'manja kuti Abambo ndi katswiri. A Malita amene mukuwadwalirawo, ndani anawapimapo? Mukudziwa bwanji kuti ndi BP?"

"Tamumvani! Koleji yosamaliza yomweyi?"

"Yomweyi."

"Alamu, mwana wanuyu mukumumva?"

Amayi anatenga kapu ya a Alufeyo nathira tiyi uja m'kapu yawo.

"Ndikumumva, alamu. Ndikumumva bwino, chifukwa masiku ano m'chifuwamu simukulira. Mawa ndikupita ku chipatala chachikulu. Malita akafuna, andipeze pokwerera makombi."

"Mulibe pasi, mayi!"

"Ndikudziwa chimene ndilibe."

Anachoka osatsanzika bwino. M'mawa mwake pokwerera makombi panalibe a Malita. Amayi anayang'ana kumtunda kwa msewu kanthawi, kenaka anakwera.

Kuchipatalako, kumbali ya anthu akuda, mzere unayambira panja. Tinaima, tinakhala, tinaimanso, dzuwa mpaka linafika pamutu. Wapolisi wa pakhomo ankadya malalanje, makoko akuponya m'ngalande. Amayi sanamuyang'ane, koma mpweya wawo unayambanso kulira. Ndinawanong'oneza kuti tikhoza kubwerera. Ananditsina.

Pawindo panali kalaliki wachinyamata, msinkhu wanga, wa mpanda wa pakati m'tsitsi. Sanadzutse maso.

"Pasi."

"Ndilibe," anatero Amayi m'Chichewa, ine n'kumasulira.

"Mwaiwala kunyumba?"

Anali kutipatsa njira yothawira, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere. Amayi anandigwira mkono.

"Wafunsa chiyani?"

Ndinawauza.

"Umuuze kuti sindinaiwale. Ndilibe. Chimene ndili nacho ndi mtima wotupa, dzina langa ndi Falesi, ndipo ndabwera ine mwini wake."

Kalaliki anadzutsa maso tsopano. Anayang'ana ife, nayang'ana kukhomo kumene kunali wapolisi, nayamba kufotokoza mofulumira kuti iye sangatsegule khadi popanda nambala, si lamulo lake, tipite pambali anthu ena adutse. Kumbuyo kwathu mzere unayamba kudandaula.

Amayi anagwira mphepete mwa windo natsika pang'onopang'ono mpaka anakhala pasimenti, msana kukhoma, miyendo atatambasula kutsekereza njira yonse. Anakonza duku.

"Gilbert, muuze mwanayu aitane amene akufuna, wapolisi kapena nesi. Woyamba kufika ndipita naye."

Ndinamasulira mokweza, kuti ndi wa malalanje yemwe amve. Kenaka ndinakhala pansi pambali pawo. Kalaliki anasowa pawindo. Wapolisi anatiyang'ana, napukuta manja pathalauza, nayamba kuyenda mosafulumira, akulambalala anthu ogona pamabenchi. Ali pakati pa holo, chitseko cha m'kati chinatseguka ndi phazi, natulukira nesi wamfupi akukankha mpando wa matayala, akutukwana m'Chipedi kuti ndani wopanda nzeru wasiya gogo pasimenti pozizira, ndipo ine chimwana chachikulu chotere ndikungoyang'ana chiyani osawanyamula.